Misomali ya pa Chitseko cha Kuseri

Mwanza Boma,
16 Disembala.

Okondedwa achimwene a Godwin,

Ndiyambe ndi moni, monga anatiphunzitsira amayi. Muli bwanji ku Joniko? Alamu anga a Sophie akudzuka bwanji, nanga ana? Kachifuwa ka Prince kaja kanatha? Ngati nonse muli bwino, ine ndikuthokoza Mulungu.

Kuno tilipo. Ndikanalemba kuti tili bwino, koma mawu amenewo ndawanena kokwanira pa foni, ndipo papepala pano sindikufuna kunama.

Musadabwe kuti ndakulemberani kalata ngati munthu wakalekale. Foni yanga inagwera m'beseni mwezi wa Okutobala. Yatsala ya abambo, ndipo mukudziwa mmene timayankhulirana nanu pa imeneyo. Amaigwira okha, ife n'kukhala kumbuyo kwawo tikumwetulira ngati anthu a pa kalendala. Kalatayi ifika ndi a Zakeyu, oyendetsa thiraki aja munawatuma katoni ya Khirisimasi. Zilembo zikapendama musandiseke. Mkono wamanzere uli m'bandeji, ndiye palibe chogwirira pepala.

Mvula yayamba bwino chaka chino. Chimanga cha kudimba chafika m'mawondo. Mtengo wa manachesi wa amayi kuseri kuja wabereka tiana tambirimbiri tobiriwira, moti ukadzapsa nthambi zidzafuna mphanda. Ine ndimauonera pa zenera.

Katoni inafika yonse bwinobwino. Mafuta opaka aja akuwathandiza amayi pamsana, ndipo chitenje chobiriwira achikonda kwambiri. Zikomo, achimwene. Koma nkhani yanga yagona pa zokongoletsa za Khirisimasi zija, ndipo kuti muimve bwino ndiyambire pa mphepo ya chaka chatha.

Inu munamva kuti denga lasasuka ndipo amayi avulala, munatumiza malata atsopano, Mulungu akudalitseni. Chimene simunamve ndi mmene zinayambira. Tsiku lija amayi anali atayanika ufa kuseri. Ataona mvula, anatsegula chitseko cha kuseri kuti akauanule. Mphepo inalowera pomwepo, inadzaza nyumba yonse, denga n'kunyamuka ngati chivundikiro cha poto. Amayi akubwerera ndi ufa wawo, mtanda unawagwera pamsana. Chiyambire tsikulo miyendo yawo sinapondenso pansi.

Abambo sanenapo kuti analakwa ndi amayi. Iwo amati chinalakwa ndi chitseko.

Ndiye chaka chino anayamba kukonzekera mvula anthu asanayambe n'kusosa komwe. Anamanga mitanda ndi waya kuigwiriza ku khoma. Anasanjika matayala akale ndi miyala pamwamba pa malata. Anadula nthambi ya mango imene inkaweramira nyumba, anakumba ngalande kuzungulira khonde, anagula tochi. M'kati, kunsi kwa malata, anayalamo pepala lakuda la pulasitiki kuti dontho lisagwere amayi. Zambiri mwa izi ndi zanzeru ndithu, sindikuwanyoza. Anansi ena mpaka anabwera kudzaonera.

Atamaliza zonsezo anatenga matabwa awiri ndi misomali italiitali, n'kukhomerera chitseko cha kuseri.

Mukudziwa kuti chipinda cha amayi chinayandikana ndi chitseko chimenecho. Hamala ikulira, amayi ankangoyang'ana kudenga. Abambo atalowa kudzawauza kuti tsopano mphepo yasowa polowera, amayi anawayankha kuti azimva, ndipo ndi anthu ochepa amene amamva bokosi lawo likukhomedwa iwo ali maso. Abambo anaseka, anati amayi ayamba nthabwala ndiye kuti akuchira.

Sizinathere pomwepo. Pa chitseko cha kumaso anaikapo chitsulo chokolowekapo loko, koma anachiika kunja. Mitambo ikangoda iwo ali ndi kopita, amatitsekera m'kati, kiyi m'thumba, ulendo. Nditawafunsa chifukwa chake, anati akazi tikaona mvula timakumbuka zovala za pa chingwe, ndipo dzanja limafika pa chitseko mutu usanaganize. Ndinalumbira kuti sindidzatsegula ngakhale zovala zonse ziuluke mpaka ku Tete. Anati amayi nawonso ankalumbira.

Ndinawafunsa kuti nanga m'nyumba mutabuka china, tidzatulukira pati? Anandiyang'ana ngati ndalodza tsiku. Anati denga ili ndi thukuta la mwana wawo, ndipo iwo sadzaimbanso foni ku Joni kachiwiri kunena kuti malata apita. Anawonjezera kuti amene adzazule msomali ngakhale umodzi pa chitseko chija atenge chikwama chake akakhale mwini nyumba kwina.

Mukuwadziwa abambo. Akanena mawu pamaso pa anthu, ngakhale awalire usiku, sawabweza.

Tsopano za katoni yanu. Abambo atatulutsa timagetsi tothwanimathwanima tija ndi zingwe zonyezimira, anasanduka mwana. Anapita okha kukadula nthambi ya paini, anaiimika m'ndowa ya mchenga pabalaza, pafupi ndi zenera kuti odutsa aziona. Umu munali kumayambiriro kwa mwezi, ndipo ndi kutentha kwa kuno nthambiyo sinachedwe kuuma.

Pa katoni ya timagetsi panali chithunzi cha mtengo wokutidwa ndi zoyera zija akuti zimagwa kwa azungu nthawi yozizira. Abambo anati mtengo wa Godwin sungakhale wamaliseche pomwe wa pachithunzi wavala. Anang'amba pilo wakale, n'kumwaza thonje pa nthambi zonse mpaka pansi. M'nyumba muno palibe anazionapo zoyerazo, koma tonse tinavomereza kuti zafanana.

Vuto linali pulagi. Ya kwanuko ili ndi miyendo yozungulira, ndipo soketi zathu ndi za mabowo a makona. Ndinati ndithamangire ku msika ndikagule yoyenera. Abambo anati za zii, iwo anayamba kuona magetsi ine ndisanabadwe. Anadula pulagiyo ndi mpeni, anasenda mawaya, anawalowetsa m'mabowo, n'kutsinira ndi timitengo ta machesi kuti asasololoke. Musapukuse mutu, achimwene, inunso wailesi yanu ija munkaiyatsa choncho.

Timagetsi tija tinayaka. Kunena zoona, tinakongola. Amayi anapempha kuti tiwanyamule pampando akaone, ndipo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana, kuwala kofiira ndi kobiriwira kukusinthana pankhope pawo. Anati adzukulu awo akadzaona pa foni adzadziwa kuti kwa agogo si kutchire. Chivulalire, ndinali ndisanawaone akumwetulira chotero. N'chifukwa chake za machesi zija sindinalimbikire. Abambo analamula kuti timagetsito tiziyaka usana wonse.

Lachitatu lapitali masana kunada cha ku Zobwe, mdima wake ngati dzuwa lalowa. Denga la tchalitchi chatsopano lili theka, ndipo abambo ndiwo apampando a komiti yomanga. Anavala jekete la mvula, anati akukathandiza anzawo kumanga malata amene sanakhomedwe. Ndinamva loko akulira kunja, kenako mapazi awo akutsika masitepe.

Bingu loyamba litangogunda, magetsi anazima. Ine ndinali kuchipinda ndikuwasambitsa amayi, ndipo za soketi ya pabalaza sindinaziganize n'komwe. Mvula inafika ndi mphepo yake. Patapita nthawi magetsi anabwera mwamphamvu, babu wa kuchipinda anawala ngati aphulika. Ndinamva kuthetheka pabalaza, kenako fungo ngati la tayala lopsa.

Pamene ndimafika, moto unali kunsi kwa mtengo. Thonje lija silinachedwe. Paini wouma anayaka ngati wathiridwa palafini, moto unagwira katani, unakwera ndi zingwe zonyezimira zija mpaka kukafika pa pulasitiki ya kudenga. Pulasitikiyo inayamba kudontha, ndipo dontho lililonse linkagwa likuyaka.

Ndinathamangira ku chitseko cha kumaso ndi kuchikoka, nditaiwaliratu za loko. Ndinachimenya ndi mapazi. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa, koma mukudziwa phokoso la mvula pa malata atsopano, ine mwini sindinkadzimva. Ndinathamangira kuseri ndi mpando n'kumenya chitseko chija. Unathyoka ndi mpando. Abambo amadziwa kukhoma, achimwene, pamenepo tisawanamizire. Ndinayang'ana mazenera, ndinangoona zitsulo zija tinaika chifukwa cha akuba.

Chisomo chake, magetsi anazimanso okha.

Utsi unali utayamba kulowa kwa amayi. Ndinawatsitsa pabedi n'kuwagoneka pansi pa simenti, poti kumeneko mpweya unaliko pang'ono. Anandigwira dzanja akutsokomola, n'kundiuza kuti ndiwasiye, ine ndithawe, iwo zawo zinatha kale chaka chatha.

Achimwene, ndinaseka. Misozi ikutuluka, utsi uli m'maso, koma ndinaseka. Ndithawire kuti? Amayi ankaganiza kuti ndikukhalira chikondi. Mwina ndikanakhaladi, sindikudziwa, chifukwa palibe anandipatsa mpata wosankha.

M'beseni lalikulu munali mabulangete awo amene ndinaviika m'mawa kuti ndichape. Ndinawatenga ali chonyowa choncho, limodzi ndinawafunditsa amayi, linalo ndinalowa nalo pabalaza. Ndinagwetsa mtengo uja n'kuuvundikira, ndinazula katani n'kuiponda. Koma za kudenga sindikanazifikira. Ndi pamene dontho la pulasitiki linandigwera pamkono n'kukakamira, ndipo pochotsa linachoka ndi khungu.

Amene anatipulumutsa ndi a Fyness, anansi athu a kumtunda aja amagulitsa mandasi. Iwo anatuluka mvula ili pakati kukatchera zidebe pansi pa malata, chinthu chimene abambo amati ndi uchitsiru wa akazi. Anaona utsi ukutuluka m'mphepete mwa denga lathu. Anabwera ndi nkhwangwa, anathyola chitsulo cha loko, ndipo awirife tinawakoka amayi pa bulangete mpaka pakhonde. Anthu ena anafika ndi zidebe n'kumaliza motowo.

Mipando iwiri inapsa, katani, kalendala, ndi chithunzi cha ukwati wanu. Khoma linada mpaka kumwamba. Denga lanu lili bwinobwino, silinasunthe ngakhale pang'ono.

Abambo anafika akuthamanga, atanyowa thupi lonse, kiyi ali m'manja. Anaima pa chitseko chothyokacho akuyang'ana kiyiyo. Anatiperekeza ku chipatala cha boma, ndipo namwino atafunsa za mkono wanga, anayankha ndi iwo kuti ndinagwera pa mbaula. Amayi anawapatsa mankhwala a chifuwa, mpaka lero akutsokomolabe zakuda.

M'mawa mwake ndinawapeza abambo atakhala pansi kumiyendo kwa bedi la amayi, atagwira mapazi awo aja osamva kanthu, akulira mwakachetechete. Ndinabwerera pang'onopang'ono kuti asandione. Mumtima ndinati basi, zatheka, lero misomali ija izulidwa.

Atasamba anapita ku msika. Anabwera ndi laimu, pulasitiki ina, ndi loko wamkulu kuposa woyamba uja.

Akuti tithokoze Mulungu kuti zitseko zinali zotseka, chifukwa mphepo ikanalowa ikanakoleza moto n'kunyamulanso denga. Akuti cholakwika chinali machesi, ndiye ulendo uno atsinira mawaya ndi timitengo ta nsungwi. Mukumbuke kuti munatumiza zingwe ziwiri za timagetsi, ndipo chinacho chili bwinobwino m'katoni. Khoma alipaka laimu, nthambi ina ya paini yafika kale, pilo wina wang'ambidwa. Ine andiuza kuti pa Khirisimasi, mukadzaimba foni ya kanema, ndidzavale bulauzi ya manja aatali.

Atiletsa tonse kukuuzani. Akuti muli ndi mavuto anu m'dziko la eni, tisakusenzetseni ena. Koma ine ndikudziwa chimene akuopa. Akuopa kuti mudzati analephera kusamala zimene munawapatsa.

Amayi anayesa kuyankhula nawo. Anawatchula dzina, a Saulos, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Anawauza kuti mtanda unawalanda miyendo yokha, koma chitseko chija chikufuna kuwalanda mwana. Abambo anatuluka panja n'kukayamba kukonza ngalande yosawonongeka. Abusa anabwera kudzationa, anakhudzako nkhaniyi mwaulemu, abambo anawathokoza n'kuwaperekeza mpaka pa msewu. Amalume ali ku Thambani, ndipo mukudziwa kuti chiyambire nkhani ya munda ija awiriwo sapatsana moni.

Watsala ndinu.

Sindikudandaula za kusamala amayi, musandimve molakwa. Makina anga osokera ali pakona atafunditsidwa nsalu, ndipo malo anga pakhonde la sitolo ku msika anatenga wina. Anzanga anasiya kubwera, chifukwa kucheza ndi munthu kudzera pa zitsulo za zenera kumafanana ndi kukaona wandende. Zonsezo ndinazilandira, ndi amayi anga. Koma tsopano ndikaona kamtambo ngakhale kakang'ono, ndimasiya chilichonse chimene ndikuchita. Ndimayamba kumvetsera kumene kuli abambo, ngati akuvala nsapato. Ndili ndi mantha, achimwene. Ndatopa ndi mantha kuposa mmene ndatopera ndi ntchito.

Ndinapangana ndi a Fyness kuti kukada, nkhwangwa yawo izikhala pafupi ndi khomo ndipo maso awo azikhala kuno. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Koma iwo akupita kwawo ku Thambani kukadyera Khirisimasi, ndipo adzabwera chaka chatsopano chitalowa. Mvula yeniyeni ndi imeneyo ikubwerayo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Musadikire Khirisimasi. Tsiku limene a Zakeyu akupatseni kalatayi, imbani foni. Musawakalipire abambo, chonde, ndipo musawachititse manyazi. Munthu uja sagona. Mphepo ikawomba amadzuka kukagwiragwira mawaya ake. Zonse akuchitazi akuchita poopa kutaya amayi, kungoti mantha awo atseka maso.

Muwauze kuti malata munatumiza aja munagulira anthu, osati nyumba. Muwauze ndi pakamwa panu kuti denga litapitanso simudzawaimba mlandu. Mawu amenewo ine ndawanena kambirimbiri, koma ine si mwini malata.

Muwauze kuti zitseko zonse ziwiri zikhale ndi mipiringidzo ya m'kati, yolimba mmene angafunire, ine ndidzaitseka ndekha iwo akuona. Pulasitiki ya kudenga ichoke, madontho tidzatchera mabeseni ngati kale. Timagetsi musatiletse, amayi amatikonda. Tingogula pulagi yeniyeni, tizithimitsa pa khoma mitambo ikada, ndipo thonje libwerere m'pilo mmene linachokera. Adzukulu adzaona mtengo wamaliseche, sadzafa nazo.

Akakufunsani kuti mwamva kwa ndani, nenani kuti kwa ine. Ndikudziwa kuti adzakwiya. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndalolera kuti andikwiyire ndili moyo.

Dzulo amayi anandituma kuti nditenge hamala m'bokosi la zida za abambo. Ili pansi pa matilesi a amayi, chakumutu. Akuti abambo sangayerekeze kukafufuza pamenepo. Akuti ndikaona kuti mawu anu akuchedwa, ndizule ndekha, iwo adzanena kuti anandilamula.

Ndikhoza kuzula. Ngakhale ndi mkono umodzi ndikhoza. Koma abambo ananena kale za chikwama, ndipo ananena a Fyness ndi anthu ena akumva. Ndikazula, ndituluka pa chitseko chimenecho ndipo sindidzaloledwa kulowanso. Ndiye amayi adzawatembenuza ndani kuti asatuluke zilonda? Adzawasambitsa ndani? Ndipo tsiku lina kukadzada, loko akadzalira, m'nyumbamo mudzakhala munthu mmodzi yekha, amene sangathe ngakhale kutsika pabedi.

Ndikapanda kuzula, tikhalamo awiri. Masamu anga akuthera pamenepo usana ndi usiku.

Amayi akuti ndikuuzeni kuti akufuna kudzakhala pansi pa mtengo wawo wa manachesi pa tsiku la Khirisimasi, potulukira khomo la kuseri ngati mwini nyumba. Akuti mukadzaimba, mudzawaonere kumeneko.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sophie, muwauze kuti chithunzi cha ukwati atitumizire china. Muwapsompsone Prince ndi mlongo wake. Amayi akupereka moni kwa nonse, akuti muzivala zofunda ngakhale kukutentha, mukuwadziwa. Mulungu akusungeni pa ntchito ndi pa msewu, akupatseninso mawu oyenera.

Ndilekeze pano. Kwayamba kuda cha ku Zobwe, ndipo ndikumva abambo pabalaza akufunsa amene waona kiyi. Kalatayi ndiwapatsira a Fyness pa zenera, pakati pa zitsulo, kuti akaisiye kwa a Zakeyu.

Hamala ndili nayo, achimwene. Chimene ndikudikira ndi mawu anu.

Ndine mlongo wanu,
Taziona.